Za injini ya chigayo imene ndamanga pa pawatila

Lero ndilemba zazitali, amene bandulo yatsala pang'ono muyambe mwagula ina.

Loweruka lapitali ambiri munandiona ndikudutsa m'mbali mwa ngalande yaikulu ndi pawatila yathu ija, thupi lobiriwira lakale lomwe lija koma pamwamba pake patakhala injini yofiira. Ndisanafike n'komwe kunyumba nkhani inali itafika kale pamsika, eti mdala uja wazungulira mutu, wamanga chigayo pa thirakitala, ndiye mpunga wa chaka chino uzichoka m'munda uli ufa kale. Ndinaseka nawo, nthabwala yake ndi yabwino ndithu. Koma madzulo ake mphwanga wa ku Lilongwe anandilembera pa WhatsApp, ndipo iye sankaseka. Akuti malume, bwenzi mutangogulitsa chitsulocho kwa ogula zitsulo zakutha, ndalama tinasonkha ija n'kuisunga, chaka chamawa tigule makina atsopano athunthu, osati zolumikizalumikiza ngati kabudula wa zigamba. Ndalama yake ilimodi m'menemo, pamodzi ndi ya mayi ake, achemwali anga, choncho ayenera kuyankhidwa bwinobwino. Ndiyankha pano poyera kuti anansi amene akudikira makinawa amve nawo.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti injini yakale ndinaipha ndine. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, oyilo anakwera mtengo ndipo ine ndinayamba chizolowezi choipa. M'malo motaya oyilo yense n'kuthira watsopano, ndinkangothiramo pang'ono pamwamba pa wakuda yemweyo. Pamutu pa injini zimenezi pali kachizindikiro kofiira kamene kamatumphuka oyilo akamayenda bwino m'kati. Kanga kanayamba kukwera mwaulesi, ine n'kumati aaa, ndi ukalamba chabe. Mu Okutobala muno ndikukoka ngolo ya njerwa ndinangomva kuti khwaa, kenako zii. Konirodi inathyoka n'kuboola buloko, dzenje lake mwana akhoza kulowetsamo chibakera. Makaniko atabwera anangoyang'ana n'kuvula chipewa.

Tsono mpunga sudikira munthu. Mbande za panazale zikakwana masabata atatu kapena anayi zimafuna kuwokeredwa, zikapitirira pamenepo zimakalamba ndipo siziphukira ana ambiri. Mabanja khumi ndi anayi amadalira pawatila imeneyi, ena ndi amayi amasiye. Puloti imene makina amaimaliza dzuwa lisanatenthe, munthu wa khasu amathapo masiku ali m'matope mpaka m'mawondo. Kudikira chaka chamawa kukanatanthauza kuuza anthu amenewa kuti chaka chino mudzione nokha.

Koma sindikufuna kudziteteza ndi umphawi wokha ayi. Masiku amene makina anali pansi pa mtengo wa mango ndinakhala ndikuwerenga mbiri yake usiku, ndipo chimene ndinapeza n'chakuti kathirakitala ka matayala awiri kanabadwa kali ka zigamba. Kubwereka injini ndiye chiyambi chake chenicheni.

Ku America, m'chigawo cha West Virginia, kunali bambo wina wojambula zithunzi dzina lake Benjamin Franklin Gravely. Anali ndi dimba kunyumba ndipo ankalima ndi kapulawo kokankha ndi manja. Cha m'ma 1911 anatopa nako kukankha, n'kutenga injini ya njinga yamoto ya mtundu wa Indian, n'kuimangirira pa kapulawo kaja ndi malamba. Tangoganizani anansi ake mmene anasekera. Mu 1916 boma linamupatsa chikalata chotsimikiza kuti luso limeneli ndi lake, ndipo mu 1922 anatsegula kampani m'tauni ya Dunbar. Makina ake oyamba anali a tayala limodzi lokha, a matayala awiri anabwera mu 1937. Mpaka lero dzina la Gravely likadali pa makina ku America, koma gogo wake wa onsewo ndi njinga yamoto yomangidwa pa khasu.

Nthawi yomweyo ku Ulaya nako anthu sanagone. Ku Basel, m'dziko la Switzerland, Konrad von Meyenburg anapeza nzeru ya timakasu tozungulira totakasa nthaka, tomwe lero timati rotaveta. Kampani ya Siemens ku Germany inagula nzeruyo, ina yotchedwa Simar ku Geneva nayo inayamba kupanga. Ku Australia mnyamata wina, Arthur Clifford Howard, ankayesa zomwezo pa famu ya bambo ake kuyambira mu 1912, ndipo dzina loti Rotavator linachokera ku kampani yake.

Nkhondo yachiwiri itatha, mu 1946, sitolo yaikulu ya Sears ku America inayamba kugulitsa kathirakitala koyenda nako pansi kotchedwa David Bradley. Munthu ankasankha m'buku la katundu, kenako n'kumutumizira. Eni dzinalo ankapanga thupi, magiya ndi zipangizo zolimira, koma injini ankakagula kwa ena, makamaka a Briggs & Stratton a ku Milwaukee. Ndiye imvani izi, inu amene mumati zolumikiza ndi za ife osauka. Lero lino ku America kuli azibambo a ndalama zawo amene amafukula timathirakitala timeneti m'magalaja a agogo awo, n'kuchotsa injini yakufa, n'kuikapo ya Honda kapena ya ku China, n'kukalimira tomato kuseri kwa nyumba. Thupi la zaka 70, injini ya chaka chatha. Kumeneko amati ndi luso, amajambulitsa ndi zithunzi zomwe.

Koma makina athu a m'matopewa njira yawo inadzera ku Asia. A ku Japan anaitanitsa makina a Simar m'zaka za m'ma 1920, n'kupeza kuti m'minda yawo ya mpunga akulemera ndipo akutitimira. Alimi ndi amisiri a m'dera la Okayama anayamba kuwasintha, kudula apa, kuwotcherera apo, n'kumaikapo injini zomwe anali nazo kale zopopera madzi ndi zopunthira mpunga. Mu Disembala 1933 Magokichi Yamaoka, mwini kampani imene lero ndi Yanmar, anatulutsa injini ya dizilo yaing'ono yoti mlimi wamba n'kuigwiritsa ntchito, pomwe kale dizilo inali ya sitima ndi mafakitale. Pisitoni yake inali imodzi, yoyenda chogona, yoziziritsidwa ndi madzi. Mukaiona pa chithunzi mudzati ndi ya pachigayo cha pa trading centre pathu pano. Kubota anatulutsa makina ake olimira mu 1947, Honda anatsatira mu 1959, ndipo pofika m'ma 1960 ng'ombe ndi akavalo anali akutha m'minda ya mpunga ya ku Japan.

Ku China anatenga njira yomweyo n'kupanga makina ankhaninkhani. Otchuka kwambiri ndi Dongfeng 12 a mumzinda wa Changzhou, okhala ndi injini yotchedwa S195. Apa ndiime pang'ono chifukwa manambala amenewa ambiri timangowatchula osadziwa tanthauzo. Nambala yoyamba ija, 1, ikutanthauza kuti silinda ndi imodzi. Zotsalazo ndi kukula kwa chibowo cha silinda m'mamilimita. Ndiye 195 ndi silinda imodzi ya mamilimita 95, 1100 ndi ya mamilimita 100, 1115 ndi ya mamilimita 115. Ndi banja limodzi, ana a mayi mmodzi, kusiyana misinkhu basi. S195 imatulutsa mahosipawa 12 ikamazungulira ka 2000 pa mphindi. Ndipo chofunika kwambiri pa nkhani yathu ndi ichi: injiniyo silowa m'mimba mwa thirakitala ngati ya galimoto. Imangokhala pamwamba pa felemu, yomangidwa ndi mabawuti anayi, ndipo mphamvu yake imapita ku kilatchi kudzera m'malamba atatu. Amene anakonza makinawa anachita dala kuti mlimi wa sipanala imodzi azitha kuitsitsa, kuipititsa ku mjigo kapena ku chigayo, mawa n'kuibwezera.

Amene anaimvetsa bwino nzeru imeneyi ndi a ku Thailand. Kumeneko kuyambira m'ma 1950 injiniya wa boma, Debriddhi Devakul, ankayesa makina olimira m'matope, ndipo anthu anawapatsa dzina loti njati yachitsulo popeza ankalowa m'malo mwa njati zimene ankalimira. Kenako amisiri a m'matauni ang'onoang'ono, ofanana ndi owotcherera athu omwewa, anayamba kupanga matupi okhaokha. Mlimi amagula thupi kwa mmisiri, injini n'kukagula kusitolo ina malinga ndi thumba lake. Nthawi yolima injini ili pa pawatila. Madzi akachepa aitsitsa, ikupopa madzi. Akakolola aikweza pa kalole kopangidwa pamudzi pomwepo, ikututa matumba kupita kumsika. Injini imodzi, ntchito chaka chonse. Munthu wa kumeneko mutamuuza kuti kwathu akuseka mdala chifukwa waika injini ya chigayo pa thirakitala, angakufunseni kuti nanga choseketsa n'chiyani.

Ku Philippines, ku likulu la kafukufuku wa mpunga la IRRI limene linakhazikitsidwa mu 1960 ku Los Baños, akatswiri anajambula pawatila yosavuta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, yogwiritsa ntchito matcheni a njinga yamoto, n'kugawa mapulani ake kwa amisiri. Nayo injini ankati ikani imene ikupezeka kwanuko.

Ya ku Bangladesh ndi imene inandikhudza, mwina chifukwa ifenso madzi osefukira timawadziwa. Mu 1988 madzi anamiza dera loposa theka la dziko lawo ndipo ng'ombe zolimira zinafa zambirimbiri. Nyengo yodzala inali pafupi, zolimira palibe. Kufikira nthawi imeneyo boma linkaletsa kulowetsa makina amene sanavomerezedwe ndi akatswiri ake, ati pofuna kuteteza alimi ku katundu wosalimba. Boma la Pulezidenti Ershad linachotsa chiletsocho pamodzi ndi msonkho wa pa injini zazing'ono ndi mapawatila. Makina otchipa a ku China analowa ngati dzombe. Sanali olimba ngati a ku Japan, zimenezo n'zoona, ankawonongeka kawirikawiri. Koma chifukwa anachuluka, pamsika uliwonse panabadwa makaniko ndi kasitolo ka zipangizo, ndipo owonongeka m'mawa ankadzuka madzulo. Lero gawo lalikulu la minda ya ku Bangladesh limalimidwa ndi timathirakitala ta matayala awiri, ndipo ambiri mwa alimi alibe tawo, amachita hayala kwa mnansi monga mmene tichitira kuno. Ine ndikuona kuti anapambana osati chifukwa makina awo safa, koma chifukwa akafa sakhalitsa m'manda.

Tsopano tibwere kwathu. Masikimu a mpunga a boma anamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, nthawi ya Kamuzu: Likangala ndi Domasi kuno kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, Bua ku Nkhotakota, Limphasa ku Nkhata Bay, Hara, Wovwe ndi Lufilya ku Karonga, Muona ndi Nkhate kuchigwa cha Shire. Ena anamangidwa ndi thandizo la Britain, ena ndi akatswiri a ku Taiwan, amene tonse tinkangowatcha Matchaina. Anyamata a Payoniya ankapatsidwa mapuloti n'kumakhala pomwepo. Ine pawatila yoyamba ndinaiona m'manja mwa Mtchaina ndili mnyamata wa kabudula, ndipo tinkaithamangira m'mbali mwa mizere ngati tikuona ndege. Bambo anga ankati chinthu chimenechi chikudya ganyu wathu, koma atawona mmene matope akusalalira anasiya kuyankhula.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Apayoniya anathetsedwa mu Disembala 1993, ndalama za boma zosamalira masikimu zinachepa, m'zaka za m'ma 2000 masikimu anayamba kuperekedwa m'manja mwa mabungwe a alimi, ndipo mu Januwale 2008 zinalengezedwa kuti Malawi wasiya ubale ndi Taiwan n'kuyamba ndi Beijing. Pa zaka zonsezi makina ankabwera, ena a mphatso, ena a mapulojekiti, mitundu yosiyanasiyana. Akuluakulu anzanga mukudziwa kumene ambiri anathera. Ine ndikudziwa shedi ina, sinditchula malo, kumene kuseri kwake kunali mapawatila asanu atamera udzu. Ndinakawayang'ana ndi maso angawa. Magiyabokosi anali abwinobwino, ena penti isanachoke n'komwe. Imodzi inafa pampu ya dizilo, ina maring'i, ina inangosowa nozulo yokha. Chipangizo cha mtundu umenewo sichinkapezeka m'dziko muno, ndipo popeza makinawo anali a aliyense, panalibe amene analimba mtima kunena kuti tiyeni tichotse injini yachilendoyi tiikepo ya pachigayo. Aliyense ankaopa kufunsidwa pamsonkhano. Anadikira chipangizo choyenera mpaka ana anayamba kuchotsa mabering'i n'kupangira ngolo zoseweretsa.

Anzathu a ku Tanzania anaona zofanana. Pansi pa ndondomeko ya Kilimo Kwanza imene Pulezidenti Jakaya Kikwete anakhazikitsa mu 2009, mapawatila ambiri anagawidwa m'maboma, ndipo m'madera a nthaka youma ambiri sanapite patali. Koma ku Mbarali, m'chigwa cha mpunga cha Usangu m'chigawo cha Mbeya, kumene alimi ankagula okha ndi ndalama za mpunga, anakhazikika mpaka lero, pamodzi ndi amakaniko awo ndi masitolo a zipangizo. A ku Karonga amene mumapita kumeneko mungandichitire umboni.

Ndiye pamene ndinamva kuti mwini chigayo wina, magetsi atafika pamalo pake, waika mamota n'kutsitsa injini zake ziwiri za dizilo, ndinanyamuka ndi makaniko m'mamawa. Inalipo yaikulu ya 1115 imene inkagaya, ndi yaing'ono ya 1100 imene inkakonola. Mtima wanga unathamangira yaikulu, mwamuna aliyense amafuna mphamvu. Makaniko anakana kwamtuwagalu. Akuti bambo, giyabokosi yanuyi inapangidwira mahosipawa 12, mukaipatsa oposa 20 tsiku limene rotaveta idzakodwe pa chitsa, injini siidzazima, chidzathyoke ndi giya, ndipo giya imeneyo simudzaipeza. Komanso kulemera kwake kudzakunyamulani m'mwamba pa mahandulo. Tinatenga ya 1100, ya mahosipawa pafupifupi 15. Tisanalipire tinailiza ili yozizira, osalola kuti mwini wake ayambe waitenthetsa, tinayang'ana utsi, tinatsegula sefa ya mpweya chifukwa injini ya pachigayo imakhala ikupuma gaga moyo wake wonse, ndipo ine maso anga anali pa kachizindikiro kofiira kaja. Kanatumphuka nthawi yomweyo.

Kumanga kwake kunatitengera masiku atatu. Mabowo a pansi pa injini anasemphana ndi a pa felemu ndi chala chimodzi. Mnyamata wina anati tingowotcherera injiniyo pa felemu zithe, ndinatsala pang'ono kumuthamangitsa. Injini iyenera kumasendera kutsogolo ndi kumbuyo, ndi mmene timakokera malamba akatamuka. Wowotcherera anatidulira zitsulo ziwiri za ngodya n'kuboola mabowo aatali, ndipo injini inakhala pamenepo. Kenako tinakoka chingwe kuchokera pa pule ya injini kukafika pa pule ya kilatchi kuti zikhale mzere umodzi. Zikapotoka pang'ono pokha malamba amadyeka mbali imodzi, sabata siitha. Kukoka kwake, ukadina pakati pa lamba ndi zala azilowa masentimita awiri kapena atatu, osapitirira.

Cholakwa chathu chachikulu chinali pule. Tinasiya ya kuchigayo ija chifukwa inali kale pa injini, osaganiza kuti ndi yaikulu kuposa yathu yakale. Nditangolowetsa giya yoyamba makina ananditenga ngati ng'ombe yolumidwa ndi njuchi, mdala ine kuthamanga pambuyo, nsapato imodzi inatsala pabwalo. Amene munaona mwaseka kale, musabwerezenso. Pule ya pa injini ikakula, zonse zakumbuyo zimathamanga. Tinabwezera pule yakale, mwamwayi mabawuti ake anagwirizana. Komabe injini yatsopanoyi imafika ka 2200 pa mphindi pomwe yakale inkalekera pa 2000, kutanthauza kuti pa maulendo khumi aliwonse ikuwonjezera limodzi. Ndapaka penti yoyera pa kachitsulo ka moto, ndipo aliyense woyendetsa ndamuuza kuti asadutse pamenepo.

Zina ndi zazing'ono koma zimapha injini. Kuchigayo inkakhala pa simenti yosalala, kuno ikupendekeka m'mizere, choncho oyilo timayeza m'mawa uliwonse makina ali pamalo osalala. Madzi a mumphika wa pamwamba paja akamawira musachite mantha, inapangidwa kuti izizizira motero, ntchito yathu ndi kuwonjezera asanaphwe. Koma akhale a pamjigo, osati a matope a m'ngalande, chifukwa matopewo amakhazikika m'kati n'kutseka njira. Kutsogolo kwalemerako pang'ono, ndikamangirira rotaveta kumbuyo zikufanana, koma popanda kanthu kumbuyo mahandulo akufuna kukwera, ndiye anyamata musamaisiye pamtsetse.

Lolemba ndi Lachiwiri ndayesa pa mapuloti anga awiri, yatakasa matope bwino lomwe ndipo dizilo sikumwa mosiyana kwenikweni ndi yakale ija. Kuyambira Lachinayi tiyamba ndi mapuloti a kumunsi amene madzi afika kale, amayi amasiye awiri aja patsogolo, enanu motsatira mmene munalembetsera. Aliyense abwere ndi dizilo wake monga mwa nthawi zonse, ndipo pa puloti iliyonse ndawonjezerapo kangachepe ka oyilo, kameneko sindikambirana ndi munthu.

Iwe mphwanga, makina atsopano sindikuwakana, tikakolola Kilombero tidzakhale pansi ndi mayi ako tiwerengetsere. Pakali pano chimene ndikusowa ndi nyale, chifukwa injini ya kuchigayoyi ilibe dayinamo, ndiye dzuwa likalowa ndikumaima pomwe ndafika. Ukapeza mpata udutse ku Malangalanga undifunsire mtengo wake, ugulenso malamba atatu apadera. Nambala yake ndakutumizira pa chithunzi, ndipo onse atatu akhale a kampani imodzi, ukasakaniza wina amakoka yekha anzake akungovina.